Mwafunsa za akazi a andale ndi ana, ine nditchula Graça Machel

Achemwali, funso lanu ndaliona, loti kodi alipo mkazi wa wandale amene anathandizadi ana, kapena onse amangobwera ndi makatoni a sopo ndi makope, kujambulitsa, kenako osaonekanso. Alipo ndithu, ndipo si wakutali. Ndi mayi wa kwa aneba athu kuseri kwa Chiponde uku, Graça Machel wa ku Mozambique.

Mayiyu anabadwa mu 1945 m'chigawo cha Gaza, ndipo ndi chitsiriza m'banja la ana 6. Bambo ake anamwalira iye asanabadwe. Mwana wamkazi wa kumudzi, wopanda bambo, nthawi ya atsamunda Achipwitikizi, tonse tikudziwa kumene akanathera. Koma abale ake anamusunga pasukulu za mishoni ya Methodist mpaka anakafika ku yunivesite ku Lisbon. Atachoka kumeneko analowa Frelimo, gulu limene linkamenyera ufulu wa dzikolo, ndipo mu 1975, chaka chimene Mozambique inalandira ufulu, anakwatiwa ndi Samora Machel, mtsogoleri woyamba wa dzikolo, n'kukhalanso nduna ya maphunziro. Udindowo anaugwira mpaka 1989, mwamuna wake atamwalira kale pa ngozi ya ndege ku Mbuzini mu 1986. Pamene ankayamba, anthu oposa 90 mwa 100 alionse m'dzikomo sankatha kuwerenga. Sukulu zimene ankatsegula, zambiri zinaotchedwa pankhondo yapachiweniweni ya boma ndi zigawenga za Renamo, aphunzitsi kuphedwa, ana kubedwa n'kupatsidwa mfuti. Akuluakulu kuno akukumbukira anthu othawa nkhondo ija, amene m'Malawi muno anapitirira 1 miliyoni isanathe mu 1992.

Zimene anaziona ndi maso akezo sanazisiye m'mtima mokha. Bungwe la United Nations linamupatsa ntchito yofufuza mmene nkhondo imazunzira ana, ndipo anayenda m'maiko ankhondo kukakhala pansi ndi anawo. Lipoti lake linatuluka mu 1996, likunena kuti ana pafupifupi 2 miliyoni anali ataphedwa pankhondo m'zaka 10 zokha. Lipotilo silinagone m'kabati. Mu 1997 kunakhazikitsidwa ofesi yapadera yoona za ana m'madera a nkhondo, ndipo mu 2000 maiko anagwirizana kuti mwana wosafika zaka 18 asamatumizidwe kukamenya nkhondo. Onani kuti nthawi yonseyi iye anali wamasiye, kunyumba yachifumu anali atachokako. Ukwati wake ndi Nelson Mandela unabwera pambuyo, mu 1998.

Apa ndi pamene ine ndimasiyanitsira. Mkazi wa mtsogoleri akabweretsa matumba a ufa ku sukulu ya mkombaphala, sindinyoza, mwana wanjala wadya tsiku limenelo. Koma chimene ndimafunsa n'chakuti: bambo akachoka pampando, kwatsala chiyani? Mabungwe ambiri a amayi a fuko amazima limodzi ndi mavoti a amuna awo. Za mayi Machel zinatsala chifukwa zinasanduka sukulu, malamulo ndi maofesi amene akugwirabe ntchito iye kulibe.

Ndipo nkhani imene anaigwira atakula ndi yathu yeniyeni kuno ku Mangochi. Pamodzi ndi Desmond Tutu ndi anzawo a The Elders, gulu la akuluakulu odziwika a m'maiko osiyanasiyana, mu 2011 anayambitsa mgwirizano wa Girls Not Brides wolimbana ndi maukwati a ana. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 42 mwa 100 alionse m'Malawi amakwatiwa asanafike zaka 18, ndipo ife sitifunika kafukufuku kuti tidziwe zimenezi. Pitani padoko m'mawa mabwato akamakocheza. Mupeza kamtsikana ka Sitandade 6 katasenza beseni la mandasi nthawi imene anzake ali m'kalasi, kakuyembekeza alovi agulitse usipa kuti agule. Miyezi ingapo, mumva kuti ali ndi pakati, akulu akumana usiku, nkhani yatha. Kwina mnyamata wabwera ku Joni ndi foni, bulangete ndi thumba la zovala, makolo n'kuvomera chitomero cha mwana amene mabere angoyamba kumene. Mnyamatayo akabwerera, mtsikana amatsala ndi khanda, ndalama osatumiziridwa. Zimandipweteka kwambiri chifukwa makolo ambiri sachita izi mwa nkhanza, ndi umphawi umene umawatseka maso, koma wolipira ndi mwana amene sanafunsidwe n'komwe.

Malamulo tili nawo kale. La maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasakhalenso mpata woti makolo avomereze ukwati wa mwana wa zaka 15. Mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu, ndondomeko imeneyi ilipo kuyambira 1993. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ambirimbiri n'kuimitsa mafumu amene ankawavomereza, popanda kudikira galimoto za ku Lilongwe.

Ndiye achemwali, mayi wa wandale akabwera kwa Makanjira kapena ku Namwera, mumulandire bwino, koma mumufunse za hostelo ya atsikana amene amayenda mtunda wautali kupita ku sekondale, za fizi ya chaka chamawa, ndi za amene adzalipire bambo akadzachoka m'boma. Ndipo ngati pamudzi panu pali mwana amene akumukonzera banja panopa, musadikire mlendo wa ku boma. Kauzeni amayi a mother group pasukulu, amfumu kapena apolisi, mwinanso imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.