Pulojekita pabalaza: yankho kwa bambo a ku Kalongwezi

Bambo ena a ku Kalongwezi kuno ku Chipata atumiza imelo yofunsa za pulojekita. Akuti balaza lawo ndi la mamita 4.5 mulitali ndi 3.8 mulifupi, lili ndi windo lalikulu loyang'ana kumadzulo, denga ndi la malata ndipo kunsi kwake kuli siling'i. Ali ndi dekoda ya DStv ndi wailesi ya masipika awiri, ndipo akufuna kuti banja lizionera mpira ndi mafilimu pachithunzi chachikulu. Funso lawo ndi lakuti agule pulojekita yotani, nanga aiike bwanji.

Bambo, zikomo pofunsa musanagule. Ndalamazo zisungeni kaye, mutenge tepi yoyezera ndi choko, chifukwa chipindacho ndicho chidzakuuzani makina oyenera.

Sankhani chipupa chimodzi mwa ziwiri za mamita 3.8, kuti kuwala kuziyenda mulitali mwa chipinda. Pamenepo jambulani bokosi la masentimita 221 chopingasa ndi 125 choimirira. Uku ndiko kukula kwa chithunzi cha mainchesi 100. Mzere wapansi ukhale masentimita 70 mpaka 90 kuchokera pasimenti, kuti wokhala pampando asamapweteke khosi poyang'ana m'mwamba. Mukajambula, khalani pasofa pamtunda wa mamita atatu kapena atatu ndi theka, muone ngati maso akulikwanira bokosilo popanda kutembenuza mutu. Ambiri amalakalaka mainchesi 120, omwe ndi masentimita 266 chopingasa. M'chipinda chanu sindikulimbikitsani. Kuwala komweko kukamwazika pamalo aakulu chonchi, chithunzi chimazilala, pakuti malo a mainchesi 120 amaposa a 100 pafupifupi ndi theka.

Pulojekita iliyonse ili ndi nambala yotchedwa throw ratio, yolembedwa m'kabuku kake. Nambalayi mumaichulukitsa ndi kupingasa kwa chithunzi, ndipo yankho ndi mtunda wochokera pagalasi la pulojekita kufika pachipupa. Ngati ndi 1.5, ndiye 1.5 kuchulukitsa ndi mamita 2.21 ndi mamita 3.3. Ngati ndi 1.2, mtunda ndi pafupifupi mamita 2.7. Zonsezi zikukwana kwanu. Koma mukapeza ya 2.0, idzafuna mamita 4.4, ndipo thupi la makinawo ndi nthambo zake zidzasowa pokhala. Wogulitsa akalephera kukuuzani nambalayi, lembani dzina ndi nambala ya makinawo muifufuze pa intaneti.

Tsopano windo lija. Pulojekita siponya mtundu wakuda. Pamene chithunzi chikuoneka chakuda, ndi pamalo pomwe makinawo sanawalitsepo, ndiye kuti chakuda chanu ndi mtundu wa chipupa momwe chikuonekera m'chipindamo. Dzuwa likalowa, malo akudawo amatuwa, udzu wa pabwalo la mpira umaoneka ngati chitenje chochapidwa chaka chonse, ndipo manambala a pamsana pa osewera sawerengeka. Windo la kumadzulo limalowetsa dzuwa kuyambira cha m'ma 3 koloko masana mpaka kulowa kwake, nthawi yomweyo imene mpira wambiri wa Loweruka ndi Lamlungu umaseweredwa. Makatani a lesi sathandiza. Gulani nsalu yokhuthala yotchinga kuwala, ya blackout, telala aisokere kumbuyo kwa makatani amene mayi a m'nyumba anasankha kale, kuti balaza lisasinthe maonekedwe. Ipitirire windo ndi masentimita 20 mbali zonse, chifukwa kuwala kumazembera m'mphepete. Ndalama ya nsaluyi imakonza chithunzi kuposa ndalama yomweyo mutaiwonjezera pamtengo wa pulojekita.

Za mphamvu ya kuwala, funani mawu akuti ANSI lumens. M'chipinda chamdima, 1,000 mpaka 1,500 zikwanira mainchesi 100. Ngati padzakhala kuwala pang'ono, monga babu la pakhonde kapena chitseko chotsegukatseguka ana akamalowa, yambirani pa 2,500. Timapulojekita tating'ono totchipa timalembedwa 8,000 kapena 9,000 lumens popanda mawu a ANSI, ndipo kuwala kwake kwenikweni kawirikawiri ndi mazana ochepa chabe. Chinyengo china chili pa mawu akuti "supports 1080p". Amangotanthauza kuti makinawo amalandira chithunzi chotero, kenako amachichepetsa. Inu funani native resolution, ndiko kuti kuchuluka kwenikweni kwa timadontho topanga chithunzi, ya 1920 x 1080. Ya 1280 x 720 ingapiririke ndalama zikavuta, koma ya 800 x 480 pamainchesi 100 imaonetsa timabokosi ngati sefa.

Mukapeza yogwirapo kale ntchito mu ofesi kapena kutchalitchi, ya Epson, BenQ kapena Optoma, ikhoza kukhala yowala bwino. Onani zinthu ziwiri. Zambiri zakale ndi za 1024 x 768, chithunzi chake chimakhala ngati cha TV zakale zija, ndipo mpira umasiya mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Chachiwiri, lowani mu menu muone maola amene babu layaka. Mababu ambiri amakhala maola 3,000 mpaka 5,000, ndipo akamayandikira mapeto amakhala atazilala kufika theka. Funsiranitu mtengo wa babu latsopano ndi kumene lingapezeke, pakuti mwina mudzachita kuliitanitsa ku Lusaka.

Apa ndi pamene nkhani ya magetsi ikulowera, ndipo kwa ife kuno ndiyo yaikulu. Pulojekita ya babu imadya mawati 250 mpaka 350, ndipo babulo limatentha kwambiri. Mukaizimitsa ndi rimoti, fani yake imapitiriza kuzungulira kwa kanthawi kuti iliziziritse. Malaiti akangothima mwadzidzidzi fani imaima, kutentha kumatsalira mkati, ndipo zikamachitika kawirikawiri babu limafa msanga. Choipa kwambiri ndi kuiyatsanso nthawi yomweyo malaiti akabwera, babu lidakali lamoto. Dikirani mphindi zisanu kapena khumi. Mankhwala ake ndi UPS, bokosi la batire lopitiriza kupereka magetsi malaiti akathima, yomwe ntchito yake si kukuonetsani mpira mpaka kutha ayi, koma kukupatsani mphindi zochepa zozimitsira bwino. Powerenga mphamvu ya UPS yang'anani mawati, osati VA. Ya 650 VA nthawi zambiri imanyamula mawati 360 mpaka 390 basi, choncho ya 1,000 VA ndiyo ingakupatseni mpata.

Ngati m'nyumba muli invata ndi batire, werengani chonchi. Batire ya 12V 100Ah imasunga 1,200 Wh, ndiko kuti mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma ya mtovu ndi asidi simuyenera kuidya kupitirira theka, ndipo invata nayo imadyako. Zotsala ndi pafupifupi 500 Wh. Pulojekita ya babu pamodzi ndi dekoda ndi masipika ndi mawati ngati 360, ndiye ola limodzi ndi theka silikwana, Chipolopolo idakali m'chigawo chachiwiri. Ya LED yodya mawati 100, pamodzi ndi zinazo, imafika maola atatu, ndipo siwonongeka msanga malaiti akathima. Nchifukwa chake maganizo anga ndi akuti, ngati mudzaonera kwambiri usiku ndipo makatani mwakonza, tengani ya LED kapena ya laser ya kampani yodziwika. Ya babu isankheni pokhapokha ngati masana ndiwo nthawi yanu ndipo UPS mwaiwerengera. Mtundu uliwonse mungagule, pasoketi pakhale kachipangizo koteteza kaja kamene timaika pafiriji ndi pa TV, kamene kamadikira kaye magetsi akhazikike. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, kukamachita ziphaliwali zulani pulagi ndi nthambo yochokera kudishi. Mphenzi imatha kulowera padishi, kudutsa mudekoda, n'kukaotcha polowera HDMI, nthambo yonyamula chithunzi ndi mawu, pa pulojekita.

Chipupa chingagwire ntchito ya sikirini ngati chili chosalala. Usiku, gunditsani tochi kuchipupa kuwala kuziyenda cham'mbali, mudzaona mabampu ndi maenje onse a pulasitala. Tsekani maenjewo ndi fila, palani ndi sandipepa, pakani penti ya PVA yosanyezimira kawiri kapena katatu ndi rola ya ubweya waufupi. Yoyera ndi yabwino, yotuwa pang'ono imathandiza malo akuda. Ya gulosi ayi, imabweza kuwala pamalo amodzi ngati galasi. Kenako zungulizani mzere wakuda wa masentimita asanu. Ngati nyumba ndi ya lendi, kalipentala akupangireni felemu ya matabwa, mukokerepo nsalu ya blackout yoyera mpaka makwinya athe.

Musaboole chilichonse musanayese. Ikani pulojekita patebulo pamtunda umene mwawerengera, yatsani, muone ngati chithunzi chikudzaza bokosi lanu. Pakati pa sikirini payang'anizane ndi galasi, osati thupi la makina, chifukwa pamapulojekita ambiri galasi lili chakumbali. Chithunzi chikatambalala pamwamba n'kuchepa pansi, makinawo apenya m'mwamba. Mbali imodzi ikatalika kuposa inzake, apotoka, ndipo mbali yotalikayo ndiyo yatalikirana ndi galasi. Konzani posuntha makinawo ndi manja. Batani la keystone limawongola chithunzi pochifinya, limataya timadontho tina ndipo zilembo zimachita chimbuuzi, choncho ligwiritseni ntchito pang'ono kwambiri pomalizira.

Siling'i payokha singanyamule pulojekita. Munthu akwere mkati apeze mitanda yamatabwa, ndipo ngati palibe pamalo oyenera, akhomere thabwa lokhuthala pakati pa mitanda iwiri, chogwirira chimangidwe pamenepo ndi masikuluwu aatali. Makinawo amapachikidwa chadodolido, ndipo mu menu mumasankha Front Ceiling kuti chithunzi chitembenuke. Galasi likhale molingana ndi mzere wapamwamba wa sikirini kapena pamwamba pake pang'ono, monga momwe kabuku kanenera. Musaigunditse kusiling'i. Mu Okutobala malata amatentha, mpweya wotentha umaunjikana m'mwamba, ndipo mapulojekita ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito osapitirira madigiri 35 kapena 40. Itsitseni masentimita 30 kapena kuposa, ndipo kotulukira mpweya kusakhale chotchinga. Ikamazima yokha patapita mphindi makumi awiri, kanyali kofiira kakuphethira, vuto ndi kutentha.

Dekoda isiyeni kutsogolo pamene ili. Nthambo ya HDMI yokwera chipupa n'kudutsa musiling'i idzafuna mamita asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, ndiye gulani ya mamita 10 yokhuthala. Yopyapyala pautali wotere imachititsa chithunzi kuthimathima kapena kuoneka timadontho toyera. Iyeseni pansi kwa ola lathunthu isanakwere, ndipo ikakwera idutse mupaipi ya pulasitiki chifukwa cha makoswe. Nthambo zina zazitali zimayenda njira imodzi. Mutu wolembedwa Source upite kudekoda, wa Display upite ku pulojekita, mukasemphanitsa simuona kanthu.

Kasipika ka mu pulojekita n'kofooka, ndiponso mawu amachokera kumbuyo kwa mutu pomwe wolankhula ali kutsogolo. Masipika anu aikeni uku ndi uku kwa sikirini, mutenge mawu kuchokera pamabowo ofiira ndi oyera a kumbuyo kwa dekoda kupita ku AUX ya wailesi. Bluetooth imachedwetsa mawu, mpira umalowa mugolo wolengeza asanakuwe. Chithunzi chikamaoneka koma mawu kulibe, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti makinawo samva Dolby Digital, ndiye pitani pazosankha za mawu mudekoda muike PCM kapena Stereo. Ofuna Netflix adziwe kuti kuponya chithunzi kuchokera pafoni nthawi zambiri kumangoonetsa mdima chifukwa cha chitetezo cha mafilimu. Njira yodalirika ndi kachipangizo kolowetsa mu HDMI monga Fire TV Stick kapena Chromecast, ndipo bando ikhale yokwanira, pakuti chithunzi cha HD chimadya mpaka 3 GB pa ola.

Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limatseka sefa ya mpweya. Nyengo imeneyo ichotseni milungu iwiri iliyonse, muikunthe kapena kuipukuta ndi kaburashi kofewa makina atazizira. Galasi lipukuteni ndi kansalu ka magalasi a maso, osati malaya kapena tishu, ndipo musathire madzi kapena sipiriti pagalasi penipeni. Mukamaphimba pulojekita ndi nsalu, dikirani fani iyambe yaima. Babu likadzatha musalitaye pamoto wa zinyalala, muli mekyule, yomwe ndi poizoni.