Za matumbo, ndi mpopi wa a malume

Halo, ikujambula kodi? Eya, yayamba. Msuweni, ndaliona funso lako pagulupa, loti mabakiteriya amasokoneza bwanji mauthenga a maselo a m'matumbo. Iwe? Iwe amene unkagona pa phunziro la bayoloje mpaka dovu pa desiki? Aaa, usatinamize. Nkhani ndi ya mwana uja watsegula m'mimba Lachiwiri, kuchipatala akupatsa timapaketi ta ORS, ufa wa mchere ndi shuga wosungunula m'madzi uja, ndi zinki basi, ndiye mtima ukuwawa kuti sanamubaye jakisoni. Ndanama?

Dikira kaye, ndiyambe ndi a malume. Ukukumbuka chaka chija anadwala kolera, chija cha nkhani ya njinga... ayi, imeneyo tisaiyambe, azakhali ali pagulu pompano. Munthu anauma, maso kulowa m'kati, ukatsina khungu la pamimba likungoima osabwerera. Koma pakamwa pokha ayi, sipanadwale. Anamwino akuwapatsa kapu ya ORS, iwo ndi mawu osasawo akuti, "Madzi akutuluka ngati mpopi, inu mukuthiranso ena? Anakuphunzitsani ntchito ndani?" Paja ankadziyesa katswiri wa mapaipi, munthu woti mpopi wa pakhomo anaumanga ndi mphira zaka zitatu... ayi, zinayi, mpaka unathyoka. Ndiye amayi anachezera pambali pawo ndi supuni. Supuni, msuweni! Bambo wamkulu ndi ndevu zake kumwetsedwa ngati khanda. Akasanza, amayi adikire pang'ono, ayambirenso. Kukana, kutukwana, kumeza. Atachira anauza aliyense kuti chawachiritsa ndi diripi, kabotolo kamodzi kaja. Ndowa yonse ya ORS anamwa ija sankaitchula n'komwe. Mpaka lero amayi akaikumbuka amangotsonya.

Koma pa mpopi paja sananame, eti. M'maselo a khoma la matumbo muli kaswichi, puloteni ina amaitcha Gs, imayaka pang'ono n'kuzima yokha. Kachilombo ka kolera, Vibrio cholerae, sikaboola khomalo ayi, kamangokakamira pamenepo n'kumatulutsa poizoni. Poizoniyo akalowa mu selo amamata swichi ija kuti isazimenso. Ndiye uthenga wotchedwa cAMP umangochuluka, kakhomo ka pa selo kotchedwa CFTR kali pululu, kloraidi... aaa, tingoti mchere, ukutulukira m'matumbo, madzi n'kumautsatira. Wamkulu akadwalitsa amatha kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Selo ili bwinobwino, yangonamizidwa. Dokotala wina wa ku Kolkata ku India, Sambhu Nath De, ndiye anaonetsa mu 1959 kuti wochita zonsezi ndi poizoni. Mitundu ina ya bakiteriya wotchedwa E. coli imachitanso chimodzimodzi. Bakiteriya ya Shigella ndiye ina, iyo imalowa m'maselo n'kuwaononga, n'chifukwa chake chimbudzi chimabwera ndi magazi.

Ndimati chiyani... eya. Pali kakhomo kena, SGLT1, kamene kamalowetsa mchere pokhapokha ukabwera limodzi ndi shuga, ndipo poizoni uja sakakhudza. ORS imalowera pamenepo, madzi n'kubwerera m'thupi. Maantibayotiki amapha kachilombo, inde, koma swichi yomata kale saimasula, mpaka maselowo asinthidwe ndi atsopano, masiku 3 kapena 5. Komanso kwa ana nthawi zambiri si bakiteriya n'komwe, ndi mavairasi ngati rotavirus, pamenepo antibayotiki n'kungotaya. Ndiye sanakupeputse, msuweni. Timapaketi akupatsato ndiye mankhwalawo.

Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, osachepetsa madzi kuti ati ikhale yamphamvu, ndimakudziwa iwe. Zinki amalize masiku onse anakuuza, kaya 10 kaya 14, ngakhale aoneke wachira. Azidya, aziyamwa. Koma ukaona magazi, kapena akusanza chilichonse, akukana kumwa, wangoti lefu maso alowa, usandilembere ine, nyamuka ubwerere kuchipatala pompo.

Wamva? Sanakuchotsere kanthu. Jakisoni ukumufunayo sakanatseka mpopi, chobweza madzi m'thupi mwa mwanayo ndi kapu ili m'manja mwakoyo. Ndibwerezenso, poti ndiwe mdzukulu... ayi, mphwa wa a malume weniweni: mankhwala ndi ORS yomweyo. Supuni ija ikadalipo kwa amayi, ukabwereke.