Buku la pulu lija, msuweni

Halo, halo... eya, yayamba kujambula. Pepani nonse, ndili pa khonde, tambala mukumumvayo si wanga. Iwe msuweni, funso lako ndaliona m'mawa. Akuti buku la pulu lomwe anasiya kusindikiza kalekale, la Eddie Robin lija, Winning One-Pocket, pa msika wa pa intaneti wa eBay lili pa madola mazana angapo, ndiye ugule kapena ayi. Hehe. Iwe. Wakukwapula ndani ku Joniko? Ayi, ndiuze dzina basi. Chifukwa ine ndimakudziwa, sunagulepo buku chimalizire Fomu 4, ngakhale la nyimbo la ku tchalitchi umaonera kwa mnzako. Lero ukufuna buku la madola? Pali wina wakutsuka pamaso pa anthu, mwinanso pamaso pa mlamu wathu uja simukumutchula mugulupu muno.

Dikira kaye. Ukuwakumbukira amalume aang'ono? Osati a ku Dedza, awo zawo tonse tikuzidziwa, tisaziyambe. Ndikunena amene anali ku Halale. Pobwera anabwera ndi tilanki lachitsulo lija, mkatimo munali suti imodzi, wailesi yosalira, ndi buku la sinuka, masewera ofanana ndi pulu, la Joe Davis, mzungu wa ku England amene anakhala katswiri wa dziko lonse kuyambira 1927 mpaka 1946. Bukulo analikuta m'pepala la pulasitiki la shuga, munthu osaligwira usanasambe m'manja. Ine ndinaligwirako kamodzi, khutu ili linapotokolera.

Ndiye tsiku lina, iwe unali wamng'ono... ayi, unali usanabadwe, ndanama, anali achimwene ako amene ndinapita nawo. Anatitenga kupita pa botolo sitolo pa tauni paja. Avala suti, buku lili m'khwapa. Kufika, kuika ndalama pamphepete pa tebulo, kudikira mzere. Amene anali pa tebulo anali kamnyamata kogulitsa mazira owiritsa, kopanda ndi nsapato komwe. Amalume kupaka choko pa ndodo, kuwerama monga mwa chithunzi cha m'buku, chibwano mpaka kukhudza ndodo, mwendo wina uko. Anthu zii. Kumenya. Mpira unayamba bwinobwino, kufika pakati unangokhota wokha kulowera cha ku khomo. Tebulo lija linali lopendekeka, mwendo umodzi anaugwiriziza ndi zitsekerero za Fanta ndi katoni. Mwana wa mazira ankadziwa. Iye ankalozera pambali dala, mpira n'kumabwera wokha m'dzenje ngati wauitana. Magemu atatu, amalume sanafike n'komwe pa mpira wakuda womalizira gemu. Pobwerera kunyumba palibe anayankhula, kupatula pa mlatho pomwe anati, "Tebulo limenelija silinapite ku sukulu."

Koma mvetsera zomwe anachita, chifukwa anthu amathera pa kuseka pomwepo. Anapalana ubwenzi ndi mwini bala. M'mamawa uliwonse, mtsikana akusesa, iwo ali pa tebulo ndi mpira woyera wokhawokha, poti umenewo sufuna tokeni. Ankaumenya molunjika kupita kutsidya, ukagunde khushoni ya m'mphepete mwa tebulo, ubwerere kudzakhudza nsonga ya ndodo. Basi. Kakhumi, makumi awiri, mpaka azakhali kutuma mwana kuti phala lazizira. Itakwana Khirisimasi, wa mazira uja ndi amene ankawagulira tokeni kuti asewere nawo. Nanga buku? Linali m'tilanki. Mmene tinkalitsegula nthawi ya maliro ija, chiswe chinali chitadya mpaka Joe Davis anatsala nsapato zokha.

Eee, ndimati chiyani... za buku lako. Taona, sindikunena kuti ndi lachabe, ayi. Anthu odziwa amalitama. Koma one-pocket ukuidziwa? Ndi masewera a ku America: aliyense ali ndi dzenje limodzi lokha mwa awiri a kumunsi kwa tebulo, woyamba kugwetsamo mipira 8 wapambana. Gemu imodzi imatha kutenga nthawi yoti nsima ipse, ambiri mwa mashotiwo n'kubisirana basi. Amasewera pa tebulo la mafiti 9, mipira yake yaikulu, mainchesi awiri ndi kota. Iwe kumene ukumenyedwako ndi pa tebulo la tokeni, laling'ono, mipira ya mainchesi awiri, woyera n'kukhalanso wocheperapo kuti makina am'katimo aziubweza. Mpira wopepukawo ukaumenya cha m'munsi mwake umabwerera msanga, koma kuti utsatire unzake kutsogolo umachita ulesi. Ndiye zojambula za m'bukumo sizidzagwirizana ndi zomwe maso ako akuona. Ndi nkhani ya amalume yomwe ija, kungoti yako ndi ya madola.

Mtengowo wakwera chifukwa mabukuwo atsala ochepa ndipo alipo anthu amene amawasonkhanitsa n'kuwaika m'kabati. Ukulimbirana ndi amenewo. Pamlingo uli iwepo, usagule. Ndatero.

Zomwe zikukusowa iwe zili pa mtunda. Mpira woyera ukafika pa unzake ukutsetsereka, osagubuduzika, iwiriyo imasiyana pa ngodya ya madigiri 90. Ukafika ukugubuduzika, n'kugunda cha theka la unzakewo, umapatuka pafupifupi madigiri 30. Ukangodziwa ziwirizi usiya kugwetsa woyera m'dzenje ngati mmene unachitira pa chinkhoswe paja, anthu onse akuona. Alipo bambo wina, David Alciatore, amangoti Dr. Dave, anali mphunzitsi wa zauinjiniya pa Colorado State University, zonsezi anaziika pa YouTube mwaulere, mpaka kuonetsa pang'onopang'ono. Ndalama yako ndi ya bandulo basi. Ukafunitsitsa pepala loti uzinyamula m'khwapa ngati amalume, mabuku a Robert Byrne kapena la Ray Martin la mashoti 99 lija amapezeka ogwiritsidwa kale ntchito pa mtengo woti sulira nawo. Nawonso ndi a tebulo la ku America, koma kagwiridwe ka ndodo ndi kayendedwe ka mpira woyera uphunziramo.

Ndiye ndikubwereza, poti iwe umamva ndi khutu limodzi: buku lodulalo lisiye. Tenga ndalama pang'ono ugule ndodo yakoyako yowongoka, uikitse nsonga yabwino, osati za pa bala zokhota ngati khasu la agogo. Yotsalayo... aaa, amayi ali mugulupu muno, ayankhula okha za malata aja, ine sindinanene kanthu.

Tsiku lomwe uzidzasewera one-pocket pa tebulo lalikulu ndi anthu oidziwa, tidzakambirananso, mwina ndidzasonkhako. Koma panopa ayi, usagule, wamva? Pita m'mawa bala isanadzaze, woyera yekha, kutsidya n'kubwerera. Ukabwerera pa nsonga kakhumi motsatizana, undijambulire vidiyo, osadula. Ndipo dzina la wakumenyayo ndikulidikirabe. Ngati ndi mlamu, ndiuze ku inibokosi. Iii, madzi anga akutayika pa mbaula, basi basi.