Yankho kwa achimwene a Fairmont GT ya ku Benoni

Achimwene, mwati mwapeza Ford Fairmont GT ku Benoni, yakhala kuseri kwa nyumba zaka 11 osayenda, mwini wake akuti ikungofuna batire basi. Funso lanu ndi lakuti kodi mungaikonze nokha m'galaja ya kunyumba, nanga kupenta kungadye zingati. Zopentazo yambani mwaziiwala. Ine ndili ndi Fairmont wamba, osati GT, imene wina anaikamo injini ya mtundu womwewo. Chino ndi chaka chachinayi ndikuigwira Loweruka lililonse, koma za penti sindinafikeko.

Musanatulutse ngakhale Rand imodzi, onani mapepala. Nambala ya chassis ndi ya injini zifanane ndi zimene zili pa satifiketi ya NaTIS, pepala la boma la kalembera wa galimoto. Injini ikakhala kuti inasinthidwa, mudzafunika police clearance, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yobedwa, ndipo galimoto ikakhala kuti inalembedwa kuti ndi Code 4, kutanthauza kuti inaphwasulidwa kotheratu, isiyeni pomwepo, imeneyo sidzabwereranso pamsewu. Chinanso, Fairmont GT ndi mapasa a Falcon GT ya ku Australia. Ankaimanga ku Port Elizabeth kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndi zida zochokera ku Australia, ndipo zambiri anthu a ku Australia anadzazigula n'kupita nazo kwawo mitengo itakwera. N'chifukwa chake pali anthu amene amatenga Fairmont wamba ngati yangayi, kumata mizere ndi mabaji, basi yasanduka GT. Ngati mtengo umene akutchula ukuoneka wachifundo kwambiri, dabwani nawo.

Injini ya GT ndi V8 ya malita 5.8, ija amati 351 Cleveland. Kuizindikira n'kosavuta. Werengani mabawuti pa chivindikiro cha mavavu: Cleveland ali 8, Windsor (V8 ina ya Ford yofanana nayo) ali 6. Paipi yapamwamba ya radiyeta imalowa mu block mwenimwenimo, osati mu manifold.

Tsono nkhani yaikulu ndi dzimbiri. Injini, giyabokosi, mabuleki, zonsezo ndi mabawuti, munthu wodekha amamasula n'kumanganso. Koma galimotoyi ilibe chassis chapadera ngati bakkie, thupi lomwelo ndiye mafupa ake, ndiye likadyeka ndi dzimbiri mwatsala ndi mapepala okha. Pitani masana, mutenge tochi, sikuludiraiva ndi kamaginito kaja timamata pa firiji. Tukulani kapeti mbali zonse. Chotsani tayala la sipeya muone pansi pa buti. Gwadani muone masill (zitsulo zazitali za m'munsi mwa zitseko), m'mbali mwa galasi lakumbuyo, pamene masipuling'i akumbuyo agwira thupi, ndiponso pansi pa batire, poti asidi amadya malo amenewo. Maginito akakana kugwira, pamenepo pali body filler, phala lija amamata pobisa mabowo ndi pobindikira. Yanga inali yonyezimira bwino tsiku limene ndinkagula. Nditafika nayo kunyumba ndinatukula kapeti ya mbali ya woyendetsa, ndinapeza chikwangwani chakale cha malata atachikhomera ndi marivet, pamwamba atapaka phula. Nditabaya pambali pake, sikuludiraiva inatulukira kunsi, ndinaona simenti ya galaja yanga. Chikomekome cha nkuyu, achimwene. Funsaninso kumene galimotoyo inakulira. Ya ku Highveld kuno imakhalako bwino chifukwa kouma, koma imene inakhala zaka ku Durban kapena ku Cape Town, mphepo ya m'nyanja inaiyamba kalekale.

Mukagula, chonde musaike batire n'kupotokola kiyi, ngakhale mwini wake akukakamizeni. Zaka 11 oyilo yense anatsikira pansi, mkati ndi mouma. Chotsani mapulagi onse 8, thirani oyilo pang'ono m'bowo lililonse, dikirani masiku angapo, kenako muzungulitse injini ndi dzanja pogwiritsa ntchito bawuti ya kutsogolo kwa crankshaft. Ikazungulira, sinthani oyilo ndi fyuluta, zulani distributor (jambulani kaye kumene rotor yaloza), ndipo muzungulitse pampu ya oyilo ndi dirilo, mobwerera m'mbuyo, mpaka oyilo aonekere pamwamba. Petulo wa m'thankimo anasanduka vanishi, fungo lake lokha mudzamva. Thanki itsike, itsukidwe, mapaipi onse a labala a mafuta asinthidwe, kabuleta imasulidwe. Tsegulaninso chivindikiro cha air cleaner musanalize. Mwanga munali chisa cha makoswe, nsanza za mpando ndi chakudya cha agalu chodzaza manja awiri, ndipo mawaya awiri kuseri kwa dashibodi anali atawatafuna mpaka kopa kuonekera.

Pali timisampha tingapo ta Cleveland timene timaliza anthu. Mawaya a mapulagi amatsata 1-3-7-2-6-5-4-8, osati dongosolo la injini ya Ford 302 yakale limene amakaniko ambiri analoweza pamtima. Thermostat yake ndi yakeyake, ili ndi kachipewa kunsi kamene kamatseka kabowo ka mkuwa mu block. Mukaikamo ya Windsor, imalowa bwinobwino, koma madzi ena amangozungulira mu injini osafika ku radiyeta. Ine ndinasintha radiyeta ndi water pump, ndalama zambiri ndithu, vuto lili kachitsulo kokwana m'chikhatho kamene anandipatsa pa kauntala ina ya masipeya. Oyilo sankhani wokhala ndi zinc wokwanira, monga 20W-50 wa magalimoto akale, chifukwa camshaft ya injini zimenezi imadyeka ndi oyilo wamakono wopyapyala. Komanso inapangidwa nthawi ya petulo wa lead, amene South Africa inasiya mu 2006, ndiye tsiku limene mudzatsitse ma head, a engineering akaikiretu ma valve seat olimba. Masipanala gulani a mainchesi, 1/2 ndi 9/16 ndiwo mudzagwire tsiku lililonse. A mamilimita amangosalaza mitu ya mabawuti.

Ikalira, mtima udzafuna kuti muzungulire nayo mulokeshoni. Ayi, mabuleki kaye. Brake fluid amamwa chinyezi, ndiye master cylinder ndi ma wheel cylinder amakhala atachita dzimbiri mkati, mapaipi a labala atang'aluka. Pedulo ikhoza kulimba muli pabwalo, n'kudzalowa pansi pa robot yoyamba. Sinthani zonse. Matayala nawonso, kaya mapanga ake akuoneka atsopano, werengani manambala anayi omaliza pa mzere wolembedwa DOT m'mbali mwa tayala, osonyeza nthawi imene linapangidwa: awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo chaka.

Za galaja ya kunyumba, n'zotheka, bola mukhale ndi ma trestle (miyendo yachitsulo yokhazikapo galimoto) anayi olimba. Pansi pa galimoto yolemera chonchi salowa itakhala pa jeke kapena pa njerwa. Osaliza injini chitseko chili chotseka, utsi wake umagoneka munthu osadzukanso. Powotcherera, thanki ikhale panja, chozimitsira moto chili pafupi. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, lankhulani ndi a landilodi lero, chifukwa miyezi itatu imene mukuwerengayo idzakhala zaka zitatu.

Ndipo musaiphwasule yonse nthawi imodzi. Magalimoto ambiri otere amene amagulitsidwa ali m'makatoni ndi a anthu amene sabata yoyamba anazula injini, mipando, magalasi, mawaya, kenako kunabwera fizi ya ana, maliro kumudzi, ntchito n'kutha. Gwirani chinthu chimodzi, malizani, bwezerani. Mabawuti aikeni m'timapepala ta pulasitiki tolembedwa, jambulani chilichonse musanamasule. Ine ndili ndi kachigoba ka majarini kodzaza mabawuti amene mpaka lero sindikudziwa kwawo.

Mwatchulanso zodzapita nayo ku Mangochi pa Khirisimasi. Osati ya chaka chino. Yanga ikakondwa, lita imodzi imayenda makilomita 5 kapena 6. Werengani nokha kuchoka Joni, Beitbridge, Tete mpaka Mwanza, kutentha kwa ku Tete kulinso pomwepo.

Loweruka mukapitako, tumizani muno zithunzi za kambale ka nambala ya chassis, pansi pa kapeti, pansi pa buti, ndi chivindikiro cha mavavu chapafupi kuti tiwerenge mabawuti limodzi.