Kwa mayi amene tulo tikuwathawa

Mayi, mwafunsa chifukwa chake tulo sitikubwera ngakhale mumafika kunyumba mutatopa kwambiri pochokera kumsika wa Soweto mu Lusaka muno, ndipo mwanena kuti dzuwa likangopendeka mumayamba kale kudzifunsa ngati usiku uno mugone. Ine ndikuona kuti kudzifunsa kumeneko ndiko kukukulitsa vuto lanu.

Tulo sitibwera mochita kukakamiza. Munthu akagona pansi n'kumati "lero ndiyenera kugona basi", thupi limamva ngati pali ngozi, limatulutsa mahomoni okonzekeretsa thupi pa ngozi otchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umagunda mofulumira, ndipo maso amangoti gwa. Mu 2002 katswiri wa za maganizo, Allison Harvey, anafotokoza kuti wosowa tulo amakhala akudzilondera yekha: usiku amayatsa foni kuona nthawi n'kuwerengera maola otsala asanadzuke kukakwera minibasi, masana akangoyasamula kapena kulakwitsa chenji amati ndi chifukwa cha dzulo, ndipo kulondera kumeneku kumabweretsa nkhawa ina imene imathamangitsanso tulo. Chodabwitsa n'chakuti ambiri otere amakhala atagonako nthawi yaitali kuposa imene amaganiza.

Mukachita zimenezi kwa milungu ingapo, ubongo umazolowera kuti bedi ndi malo olingalira mavuto, n'chifukwa chake ena amawodzera pampando koma akangolowa m'bulangete tulo tonse balala. Katswiri wina wa za maganizo, Richard Bootzin, anapereka njira yothetsera zimenezi mu 1972, ndipo madokotala akuigwiritsabe ntchito. Pitani kukagona pokhapokha tulo takugwirani, osati chifukwa nthawi yakwana. Mukaona kuti mwakhala maso nthawi yaitali, mwina mphindi 20 mongoyerekeza, dzukani. Ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri za ku Kanyama kapena ku Chawama mulibe chipinda china chopitako, koma mungathe kukhala pampando ndi nyali yosawala kwambiri n'kumapinda zovala kapena kusankha nyemba mpaka zikope zitalemera. Foniyo muike alamu, kenako muisiye kutali ndi dzanja.

M'mawa dzukani nthawi yomweyo tsiku lililonse, ngakhale usikuwo unali woipa, ndipo musafulumire kukagona pofuna kubweza tulo tadzulo, chifukwa kutero kumangochulukitsa maola okhala maso pabedi. Tiyi ndi Coca-Cola musamamwe kuyambira masana, popeza theka la caffeine, chinthu chothamangitsa tulo chimene chili m'zakumwazi, limakhalabe m'thupi pakatha maola pafupifupi 5. Mwezi wa Okutobala kutentha kumasokoneza tulo ta anthu ambiri mu Lusaka muno, choncho usiku umodzi wovuta usakuchititseni mantha.

Ngati mukusowa tulo masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi itatu, kapena mwayamba kutaya mtima ndi kusafuna chakudya, pitani kukiliniki yapafupi m'malo momangogula mapilitsi ogonetsa. Akaona kuti n'koyenera adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha UTH kapena kuchipatala cha matenda a maganizo cha Chainama Hills, ndipo mukafunse za chithandizo chotchedwa CBT-I, chimene chimaphunzitsa zimene ndafotokozazi mwatsatanetsatane.