Geni ya mafoni: kupikula ku Kariakoo ndi ku Joni

Achemwali, mwafunsa kuti geni ya mafoni ndi timakina tamakonoti imayenda bwanji, komanso ngati n'kwanzeru kuyamba ndi mawotchi olumikiza ku foni aja poti achinyamata akuwathamangira. Za mawotchizo tizipeza kutsogoloku, ndiyambe ndi msewu.

Ambirife timapikula ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg. Wa ku Dar amatulukira pa Songwe, n'kudutsa Kyela ndi Mbeya mpaka kukafika ku Kariakoo, komwe masitolo a mafoni anangondandana khomo ndi khomo. Wa ku Joni amatulukira pa Mwanza, n'kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare, Beitbridge, n'kukatsikira pa Park Station miyendo itatupa. Amalawi amatipatsa masiku 30 ku South Africa popanda viza, musadumphitse. Koma katundu wambiriyu kwawo ndi ku China, monga ku Shenzhen ndi ku Guangzhou. Ife timangogula kwa amene anabweretsa kontena, ndiye phindu lathu ndi lija latsala iwo atadya kale.

Chimene chimagwetsa anthu pa geniyi ndi ndalama yakunja. M'mabanki dola imavuta, ndiye ambiri amakagwada kwa osintha ndalama a pa boda, komwe mtengo wake umasiyana kutalitali ndi wa kubanki, ndiponso ndi njira yosaloledwa: akakugwirani, mpamba wapita. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ine katundu ndinali nditagulitsa kale pa mtengo wakale, theka lake pangongole. Ndalama nditatolera, m'manja zinkaoneka zambiri ndithu, koma kukafika ku Kariakoo zinangodzaza chikwama chimodzi pomwe kale zinkadzaza ziwiri. Kuchokera pamenepo mtengo ndimauika poganizira kuti mawa ndikapikulanso pa zingati, zimene ndinagulira dzulo ndimaziiwala.

Pa boda musamvere zoti amalonda ang'onoang'ono salipira msonkho. Ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, yopeputsira amalonda ang'onoang'ono ija imakhudza katundu wopangidwa m'mayiko a bungwelo, amene ali pa mndandanda womwe mayikowo anagwirizana. Foni yopangidwa ku China mulibemo. A MRA adzafuna malisiti, ndipo akaona kuti mtengo mwalembawo ndi wongopeka, amaika wawo. Malisiti sungani m'pepala la pulasitiki. Adobadoba akakuuzani kuti akuwolotserani katundu njira ya kutchire, dziwani kuti akathawa naye mulibe kokadandaula.

Tsopano katundu. Mafoni amene amayenda kwathu kuno ndi Itel, Tecno ndi Infinix, onsewa ndi a kampani imodzi, Transsion. Anthu amawakonda chifukwa amalowa makadi awiri, la Airtel ndi la TNM, batire limakhalitsa, ndipo sikirini ikasweka mnyamata aliyense wa mumsika ali nayo ina. Wogula wa ku Ntcheu safunsa za kamera ya nzeru zopangapanga imene akuitchukitsa masiku anoyi. Funso lake ndi lakuti: magetsi akathima masiku awiri, ikhala ikuyakabe? Mafoni opinda ngati buku aja ndi okongola, inenso ndinawagwirako m'sitolo mtima n'kudumpha, koma akathyoka pakatipo akonza ndani ku Limbe?

Ma iPhone ogwiritsidwapo kale ntchito ali ndi phindu, komanso ndiwo amaliritsa. Musanapereke ndalama, imbani *#06# muone ngati nambala yozindikiritsa foni (IMEI) ikufanana ndi ya pa bokosi. Ikanimo kadi yanu ya kuno, chifukwa ena ndi okhomedwa ku netiweki ya kwawo. Onetsetsani kuti mwini wake wakale anachotsamo akaunti yake ya iCloud, apo ayi mwagula galasi lodziyang'anira. Ndipo a ku America, kuyambira iPhone 14 ya 2022, alibe n'komwe polowetsa kadi, amangodalira eSIM, kadi yosagwirika yochita kuikidwa m'foni ndi kampani ya netiweki. Kasitomala wosazolowera amabwera nayo mawa lake nkhope itakwinyika.

Kunena zoona, chimene chimandidyetsa ine ndi tinthu ting'onoting'ono: machaja, zingwe za USB-C, magalasi otchinga sikirini, makava, mahedifoni, ma power bank ndi nyali za sola. Sitilemera, sitiwola, ndipo munthu amene anagula chingwe mu Januwale abweranso pofika Epulo. Kungoti machaja a ku Joni samalani nawo. Pulagi yawo ndi ya mano ozungulira, pomwe masoketi athu ndi a mano atatu afulati aja.

Pa ma power bank ndinapsapo. Ulendo wanga wachiwiri, pa sitolo ina ndinapikula katoni yonse, pa bokosi atalemba kuti mphamvu ya batire ndi 50,000mAh, kanthu kake kokwana m'thumba la malaya. Kumudzi anthu anayamba kubweza mmodzimmodzi. Mlamu wanu atang'amba imodzi, tinapezamo batire limodzi lenileni, enawo ndi timachubu todzaza mchenga kuti izilemera. Yeniyeni ya 10,000mAh imadzaza foni yaikulu kamodzi ndi theka basi, kupitirira apo ndi bodza. Lero ndimayenda ndi kachipangizo koyezera, ndipo ndimasankha ndekha ya pansi pa katoni, ija wogulitsa wakutambasulirani imakhala yabwino nthawi zonse. Tsiku limene mudzayambe kukwera ndege, mabatire amenewa salola kuwaika m'chikwama chopita kunsi, amayenda m'manja.

Mawotchi anu aja. Otchipawo amati amayeza kuthamanga kwa magazi, koma ine ndinaveka ina pa botolo la madzi n'kundiuza kuti mtima ukugunda bwinobwino. Amagulika mu Disembala ndi pa Valentine, kenako amangokhala pa shelefu batire likufa. Tengani 5 kapena 10 muone, mpamba wonse ayi.

Ine ndinyamuka mwezi wamawa kudzera pa Songwe. Ngati pasipoti yanu ili bwino tiyendere limodzi, koma ulendo woyambawu ndalama yaikulu muisiye kunyumba. Mudzangotenga ya zingwe ndi makava, ndi kope lolembamo mitengo.