Funsani Malume: Mneneri akuti ndisiye choko ndikayambe utumiki

Malume, ndine mphunzitsi wa pulaimale kuno ku Dedza, zaka 34, ndili pabanja ana atatu. Ndimapemphera CCAP koma Lachisanu lina ndimapitako ku ovanaiti ya feloshipi ina pa boma. Mwezi watha kunabwera mneneri, anandiloza pagulu nkunena kuti iwe wa shati yabuluuwe Mulungu anakuitana kalekale ukungotaya nthawi ndi choko, ukapanda kusiya ntchito chaka chino palibe chako chidzayende. Chimvereni mawu amenewa tulo sindikupeza. Kunena zoona ntchitoyi inanditopetsa kale, Sitandade 4 yanga ili ndi ana oposa 100, salale ikangolowa loni yadula, ndiye ndimadzifunsa kuti kodi ndinabadwira zimenezi basi? Mayi a kunyumba akuti ndikasiya ntchito iwo apakira azipita kwawo. Ndimvere Mulungu kapena mkazi?

Mphunzitsi wothedwa nzeru, Dedza

Mphwanga, funso lanu lomalizalo mwalipotoza nokha. Amene akukangana pa nkhaniyi ndi mlendo amene anakuonani usiku umodzi pa kuwala kwa jenereta ndi mayi amene akudziwani zaka zonsezi, Mulungu sitinamve mbali yake. Ndiye tiyeni tiyambire pamenepo.

Ine kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo ndaona kutopa kwambiri kuposa maitanidwe. Simunalembe paliponse kuti mtima umakutenthani kulalikira, kapena kuti mukamva kuti gogo wina wagona m'chipatala miyendo imakuyabwani kuti mukamuone, mwalemba za loni ndi ana 100. Kutopako ndi kwenikweni, sindikukuderera ayi, koma munthu wotopa akamva mawu oti siya amawalandira ngati madzi ozizira mwezi wa Okutobala, olo atachokera kwa ndani.

Komanso kaopsezedwe kajaka kandikayikitsa, eti ukapanda kusiya palibe chako chidzayende. Tsegulani Machitidwe 13 muone mmene Barnaba ndi Saulo anatumidwira. Anali kale mu mpingo wa ku Antiokeya, akuphunzitsa, anthu akuwadziwa, ndipo mpingo unasala kudya nkupemphera kenako nkuwasanjika manja. Sanawatole pagulu chifukwa cha mtundu wa malaya. Ngakhale Samueli amene anamva mawu ndi makutu ake usiku uja anathamangira kwa Eli katatu konse, ndipo anali mkulu uja amene anamuuza choyankha. Inu Eli wanu ndani? Mwawauza abusa anu? Akulu a mpingo a kumlaga kwanu akudziwa? Kapena nkhaniyi ikungozungulira pakati pa inu, pilo ndi gulupu ya WhatsApp ya feloshipi?

Pali nkhani ina mu Marko 5 imene alaliki ambiri amaidumpha kumapeto kwake. Munthu uja wa ziwanda wa kumanda atachira anamupempha Yesu kuti akwere naye ngalawa azipita limodzi, Yesu anakana, anamuuza kuti apite kwawo kwa abale ake akafotokoze zimene Ambuye amuchitira. Tangoganizani, munthu akufuna yekha utumiki wa fulutaimu, mwini wake nkumubweza kumudzi. Petro anauzidwa kusiya makoka, uyu anauzidwa kubwerera kunyumba, onse awiri anaitanidwa ndithu.

Ndiye zoti choko ndi kutaya nthawi, apa pokha mneneriyo sadziwa mbiri ya mpingo wanu womwe. Amishoni a Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anafika pa Mvera mu 1889, koma abusa oyamba achikuda a mbali ya Nkhoma anadzozedwa m'zaka za m'ma 1920. Zaka zoposa 30 zapakatizo Uthenga unkayenda bwanji m'midzi ya ku Dowa, Lilongwe, Dedza? Unkayenda ndi aphunzitsi a timasukulu ta m'midzi, m'mawa a e i o u pansi pa mtengo, madzulo katekisimu, Lamulungu kutsogolera mapemphero. Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922 anthu amene anatha kuliwerenga anaphunzitsidwa ndi anthu a ntchito yanu yomweyi. Mwana wa Sitandade 4 amene mwamuthandiza kulumikiza zilembo mpaka wawerenga chiganizo chonse yekha, ameneyo mawa adzawerenga Yohane 3:16 osadikira kuti wina amuwerengere nkumupotozera.

Ife Amalawi tinazolowera kuganiza kuti woitanidwa ndi wa kolala kapena wa suti yoyera ndi maikolofoni, ena tonsefe ndife operekeza. Koma Bezaleli pa Eksodo 31 anadzazidwa ndi Mzimu wa Mulungu kuti azisula golide, kusema miyala ndi matabwa. Dorika wa ku Yopa ankasoka zovala, atamwalira amasiye anaimirira akulira nkumuonetsa Petro malaya amene anawasokera, palibe anatchula ulaliki wake. Paulo weniweniyo ku Korinto ankasoka mahema ndi Akula ndi Priskila, pa Sabata nkumakaphunzitsa m'sunagoge, ndipo iye yemweyo analembera Timoteo kuti wosasamalira a pabanja pake wakana chikhulupiriro. Vesi imeneyi, 1 Timoteo 5:8, pa ovanaiti siiwerengedwa kawirikawiri, kaya chifukwa chani.

Sindikunena kuti simungakhale m'busa, mwina mudzakhaladi, aphunzitsi ambiri analowa ubusa ndipo amakhala abusa abwino chifukwa anazolowera kufotokoza chinthu kasanu osakwiya. Koma mpingo wanu uli ndi njira yake, nkhani imayambira kwa abusa ndi bwalo la akulu a mpingo, ipite ku presbitale, sinodi ikuyeseni, mukaphunzire ku Josophat Mwale Theological Institute ku Nkhoma kapena ku Zomba. Njirayi ndi yaitali dala, kuona maso a nkhono nkudekha. Mose anakaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 80, inu 34 mukuthamangira kuti?

Pakadali pano pemphani kalasi ya Sande sukulu kapena ya achinyamata muigwire chaka chathunthu osalipidwa kanthu, muziyenda nawo akulu a mpingo kukaona odwala, pa maliro a munthu wosauka amene kulibe mpunga ndi nyama mukapezeke. Chaka chikatha mudzaone ngati njala ya ntchitoyo yakula kapena yazilala. Za loni ndi nkhani ina, imeneyo imafuna pepala, bolopeni ndi mayi a kunyumba pambali panu, kusiya ntchito sikufafaniza ngongole. Ndipo mayiwo musawaone ngati Yezebeli, afunseni bwinobwino chimene akuopa, mwina ndi fizi ya ana, mwina anaonapo kale m'bale wawo atayamba tchalitchi mu kalasi ya lendi nkutha chaka nkhosa zili zisanu ndi ziwiri.

Mneneri uja akadzabweranso mufunseni dzina lanu.

*

Malume, ndine mtsikana wa zaka 21, MSCE ndinakhoza koma ku yunivesite sananditenge kawiri konse. Anzanga pa Facebook angoti gauni, ena ukwati, ine ndimangogulitsa mandasi a mayi anga pa Lunzu. Ku kwaya amati aliyense Mulungu anamulengera cholinga, nanga changa chili kuti?

Mtsikana wa kwaya, Lunzu

Mwanawe, pa Facebook palibe amaika chithunzi cha tsiku limene wagona ndi njala, ndiye usayeze moyo wako ndi muyezo wabodza. Yosefe anagulitsidwa ali ndi zaka 17, anakaima pamaso pa Farao ali ndi 30, ndipo pa zaka 13 zapakatizo anayendetsa nyumba ya Potifara kenako ndende, ukapitawo umene anadzagwiritsa ntchito pa nkhokwe za Iguputo anauphunzira mmenemo.

Ine sindingakuuze cholinga chako, ndikanama. Koma dzifunse kuti anthu akabwera kwa iwe amafuna uwathandize chani, masamu a mwana wawo, kuluka tsitsi, kuwerengera ndalama za banki mkhonde? Ufunsenso mayi ako ndi amayi awiri achikulire a kutchalitchi kwanu, amaona zimene iwe suona. Yunivesite si khomo lokhalo, kuli ma TTC, makoleji a unamwino a CHAM, ndi maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, uzitchera khutu akalengeza ndipo satifiketi yako ikhale ndi mafotokope okonzeka. Kuyambira mawa gula kope la masamba ochepa uzilemba ufa, shuga, mafuta ndi makala zimene zalowa m'mandasiwo ndi ndalama zimene zatuluka, mwezi ukatha undilembere undiuze phindu lake.